KUPIMA MKODZO: ZIMENE MASO AONA M'KABOTOLO KA KU CIPATALA

Munthu akafika ku cipatala ali wodwala, kawirikawiri apatsidwa kabotolo, nauzidwa kuti apite kuseri akatayiremo madzi pang'ono. Ambiri alandira kabotoloko ndi manyazi, makamaka akulu, pamene wakuwapatsa ali namwino wa msinkhu wa ana ao. Ena ang'ung'udza, nati, "Ine ndadza ndi mutu ndi msana, nanga mkodzo ulowapo bwanji?" Aliponso ena amene asiya kabotolo pa khonde, nabwerera kumudzi, nakanena kuti a cipatala anawamana mankhwala. Nzoona kuti nkhani ya mkodzo siikambidwa pa bwalo, ndipo ulemu umenewo ngwabwino. Koma cinthu cosakambidwa cicedwa kudziwika. Ndipo m'midzi yambiri muli ana ndi akulu amene aona cizindikiro ca nthenda m'mawa ndi m'mawa, osadziwa kuti ndi cizindikiro.

Kabotolo kaja kapita ku cipinda copimiramo, cimene cichedwa labotale. M'menemo nchito ya kupima mkodzo iri ndi magawo atatu. Poyamba wopima aupenya ndi maso ace: mtundu wace, kuyera kapena kubvunduka kwace, thobvu lace, aumvanso pfungo, nayesa kuculuka kwace ndi kulemera kwace. Atatero abviikamo kapepala kokhala ndi mankhwala, kamene kasintha mtundu mukakhala shuga, mwazi kapena zina. Potsiriza atenga nsenga zokhala pansi, naziyang'ana pa makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso, ochedwa maikulosikopu. Phunziro lino liri la gawo loyambalo. Ndilo lakale koposa onse, silifuna makina ambiri, ndipo mbali yace ina mai kapena tate akhoza kuiyamba ali kwao.

KUMENE MKODZO UCOKERA

Munthu ali nazo impso ziwiri, mbali iyi ndi iyo ya msana, ca m'munsi mwa nthiti. Iri yonse ikula pafupi ngati nkhonya ya mwini wace. M'impso iri yonse muli tosefera tating'onoting'ono tofika ngati 1,000,000, timene tisefa mwazi usana ndi usiku. Pa tsiku limodzi madzi opyola m'tosefera timeneti afika malita 180, ndiko kunena pafupi kudzaza mgolo waukulu wa malita 200. Munthu akadataya onsewo sakadatha tsiku ali moyo. Koma impso zibweza pafupifupi onse ku mwazi, nizilola lita imodzi kapena malita awiri okha kutsika m'timisempha tiwiri kunka ku cikhodzodzo. Pa magawo 100 a mkodzo, ngati 95 ndi madzi. Otsalawo ndi mcere ndi zinyalala zimene thupi lathana nazo.

Potero mkodzo udza ndi mbiri ya kumene wacokera ndi ya njira imene wadzera. Munthu woima pa dooko akaona mtsinje wafiira, adziwa kuti kumtunda kwagwa mvula, cinkana pamene waimapo pali dzuwa. Komatu sadziwa mudzi umene mvulayo yagwa, kapena mwini munda umene wakokoloka. Zimenezo azidziwa pofunsa. Kupenya mkodzo kuli cimodzimodzi.

MTUNDU WACE

Mkodzo wa munthu wopanda nthenda uli wacikasu, monga udzu wouma wofolera nyumba. Cikasuco cicokera ku mwazi. M'mwazi muli timbulunga tofiira tosawerengeka, timene ophunzira aticha maselo ofiira. Kali konse kagwira nchito masiku ngati 120, pamenepo kaphwanyidwa. Utoto wace upita ku ciwindi, nulowa m'ndulu, nutsikira m'matumbo. M'menemo tizilombo tabwino tokhala m'matumbomo tiusanduliza, ndipo wina ubwerera ku mwazi nutulukira pa impso. Dotolo J. L. W. Thudichum wa ku London anaupatsa dzina utoto umenewu m'caka ca 1864, koma cinthu ceniceni cimene tizilombo tija tiusanduliza naco cinapezedwa ndi ophunzira a ku America m'caka ca 2024. Cikasu cimene mwana ali yense aciona cinawabvuta anzeru zaka 160.

Kucepa ndi kuculuka kwa cikasu kutsata madzi amene munthu wamwa. Mlimi amene wasosa m'munda pa dzuwa la October osamwa kanthu ataya madzi pang'ono, odera ngati uci. Akamwa bwino, madzulo awaona atatumbuluka. Apo palibe nthenda, pali ludzu lokha. Mapiritsi ena a mavitamini nawonso apatsa mkodzo cikasu cowala, copanda coipa ciri conse. Mitundu imene wopima aiopa ndi yina: wofiira, wakuda, ndi wonga tiyi wopanda mkaka.

MWAZI, NDI NTHENDA YA LIKODZO

Mwazi wocepa ndithu, madontho ngati 20, ukwanira kufiiritsa lita yonse ya mkodzo. M'midzi ya pafupi ndi madzi, m'Zambia ndi m'maiko oyandikana nalo, cimene cifiiritsa mkodzo wa ana koposa zonse ndi likodzo. Nthenda iyi yafala kotero kuti m'madera ena yaleka kuyesedwa nthenda. Mnyamata akayamba kukodza mwazi, anzace amuseka pang'ono, ndipo akulu ena angoti, "Wakula ameneyo, tonse tinapyola momwemo." Mau awa ngabodza, ndipo awononga ana ambiri. Palibe msinkhu umene mwana wamwamuna ayenera kukodza mwazi.

Cocititsa likodzo ndi kanyongolotsi kokhala m'mitsempha ya mwazi yozinga cikhodzodzo. Anayamba kukaona ndi dotolo wa ku Germany, Theodor Bilharz, m'caka ca 1851, pamene analikugwira nchito m'cipatala ca ku Cairo m'dziko la Egypt. Ndico cifukwa cace Azungu aicha nthendayi ndi dzina lace. Koma njira imene kalowera mwa munthu siinadziwike kufikira 1915, pamene Robert Leiper anaonetsa, ku Egypt komweko, kuti kadzera mwa nkhono za m'madzi. Ulendo wace uli wotere. Nyongolotsi yaikazi iikira mazira ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo dzira liri lonse liri ndi kaminga kunsonga kwace. Mazirawo aboola khungu la m'kati mwa cikhodzodzo, natuluka pamodzi ndi mkodzo. Pamene aboolapo ndi pamene pacokera mwazi. Wodwala akakodzera m'dambo kapena m'damu, mazira aswa, ndi timphutsi tace tilowa mwa nkhono. Patapita masabata 4 kufikira 6, nkhonoyo iyamba kutulutsa timphutsi tina tambirimbiri tosambira, timene tiboola khungu la munthu wosamba, wocapa, woweza nsomba kapena wothirira dimba. Sikufunika kumwa madziwo; kuimamo kokha kukwanira. Nkhono zimenezi zikonda madzi odikha okhala ndi udzu: madambo, madamu a ng'ombe, maiwe otsala m'mitsinje pa cilimwe, ndi magombe ena a nyanja ya Kariba.

Mwazi wa likodzo uli ndi makhalidwe ace. Kawirikawiri mkodzo uyamba bwino, ndipo mwazi uoneka pa madontho otsiriza, pamene cikhodzodzo cifinyika. Cifukwa cace wopima afuna kuti madontho otsirizawo alowe m'kabotolo, ndiponso afuna mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pakuti ndiyo nthawi imene mazira atuluka ambiri. Atengako mamililita 10, nausefa kapena kuudikhitsa, nafunafuna dzira laminga lija pa maikulosikopu.

Coopsa ca likodzo ciri m'mazira amene satuluka. Ambiri atsakamira m'mnofu wa cikhodzodzo ndi wa timisempha tocokera ku impso, ndipo thupi liwazinga ndi zipsera. Mwana acepa mwazi, atopa msanga, nabwerera m'mbuyo pa sukulu. Akakula, kufiira kuja kumacepa kapena kuleka kumene, ndipo apa mpamene anthu anyengeka, nayesa kuti nthenda yatha yokha. Iai, zipsera zikhoza kutseka njira, impso nizitupa ndi kufa pang'onopang'ono, ndipo ena pa ukulu wao adwala khansa ya m'cikhodzodzo. Mwa atsikana ndi akazi mazira afikanso ku ziwalo zoberekera, nabweretsa zilonda, kutaya mwazi ndi mabvuto a kubala. Ndipo pali akazi amene ananenezedwa za ciwerewere pa nthenda imene anaitenga pocapa ku mtsinje. Zonsezi zicitika pamene mankhwala alipo. Achedwa praziquantel, anapangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo amwedwa tsiku limodzi, munthu atadya. Muyeso wace utsata kulemera kwa thupi. Pogawa m'masukulu ayesa msinkhu wa mwana pa ndodo yolembedwa, nadziwa mapiritsi omuyenera. Koma mankhwala sacinjiriza mwana wobwerera ku dambo lomwelo, ndipo dambo siliyera pamene anthu akali kukodzeramo.

KUFIIRA KWINA

Si kufiira konse kuli likodzo, ndipo apa wopima ali ndi njira yace yosiyanitsira. Athira mkodzo m'kagalasi, nakaika m'makina ozunguza mwaliwiro. Ngati kufiirako kuli kwa timbulunga ta mwazi tamphumphu, tigwa pansi monga nsenga, ndipo pamwamba patsala madzi acikasu. Ngati timbulungato tinasweka kale m'thupi, utoto wace sugwa pansi. Kagalasi konse kakhalabe kofiira kapena kakuda. Zotere zioneka pa malungo aakulu, pamene mwazi uswekera m'mitsempha, ndi mkodzo ukuda bii. Nthenda imeneyi inapha Azungu ambiri oyamba kukhala m'maiko ano, makamaka akumwa kwinini modukizadukiza, ndipo lero lomwe igwira ana ena odwala malungo. Wa malungo akataya madzi akuda, asagone kumudzi usiku umenewo.

Pali kufiira kwina kumene amai ayenera kukudziwa. Mwana amene anali ndi zilonda za mphere zamafinya, kapena zilonda za pakhosi, pakapita masabata pang'ono akhoza kudzuka atatupa zikope ndi nkhope, nakodza pang'ono, mkodzo wodera ngati tiyi. Zilonda zija zapola, kotero palibe wokumbukira za izo. Ena ayamba kuloza cala mnansi. Koma kutupako kucokera ku impso, zimene tosefera tace tatupa cifukwa ca nkhondo imene thupi linacita ndi tizilombo ta m'zilonda. Ana ambiri acira bwino akasamalidwa ku cipatala, kumene ayang'anira kuthamanga kwa mwazi wao ndi madzi amene amwa.

Munthu wacikulire akaona mwazi m'mkodzo popanda kupweteka kuli konse, ngakhale kamodzi kokha, apite akapimidwe. Kusapwetekako sikuli cizindikiro ca mtendere; cotupa ca m'cikhodzodzo ciyamba motero. Akale anati cakudza siciimba ng'oma.

Tsono kuli kufiira kopanda coopsa, kumene kwaopsa anthu ambiri pacabe. Mwa mankhwala a cifuwa cacikulu ca TB muli ena ochedwa rifampicin, amene afiiritsa mkodzo ngati madzi a lalanje lakupsa, ndi misozi ndi thukuta lomwe. Odwala ena poona izi aleka mankhwala, nati akuwatha mwazi. Ndipo kulekako ndiko kuwapha, osati kufiirako. Ndiwo zofiira zonga bitiruti zicita cimodzimodzi kwa anthu ena. Mkazi amene ali kumwezi auze namwino mosabisa, kuti wopima angayese mwazi wa kumwezi mwazi wa nthenda. Cifukwa cace funso lakuti, "Mukumwa mankhwala anji, ndipo mwadya ciani?" siliri funso lacabe.

THOBVU

Wopima akaona mkodzo wodera ngati mowa wa m'botolo, atseka kagalasi nakakhuchumula. Thobvu likatuluka lacikasu, adziwa kuti muli ndulu, ndipo maganizo ace apita ku ciwindi kapena ku njira ya ndulu yotsekeka. Kawirikawiri mkodzo uyamba kudera maso asanasanduke acikasu. Motero ucenjeza nthenda ya cikasu isanaonekere pankhope.

Thobvu loyera locedwa kutha linena za cinthu cina. M'mwazi muli cinthu cofanana ndi coyera ca dzira, cochedwa puloteni, cimene impso zabwino sizicilola kupyola. Tosefera tikaonongeka, cidontha nicilowa m'mkodzo. Ndipo monga coyera ca dzira cicita thobvu pocipuntha, mkodzowo ucitanso thobvu. Sing'anga wakale wa ku Greece, Hippocrates, amene anakhala zaka ngati 400 asanabadwe Kristu, anaona kale kuti thobvu lotere liyenda pamodzi ndi nthenda ya impso yokhalitsa. Amene analongosola bwino ndi Richard Bright, dotolo wa pa Guy's Hospital ku London, m'caka ca 1827. Iye anatenga mkodzo wa anthu otupa thupi, nautenthetsa pa moto, nauona uundana monga dzira lophika. Ndipo odwalawo atamwalira, anapeza impso zao zitaonongeka. Potero anagwirizanitsa zinthu zitatu zimene kale zinayesedwa zosiyana: kutupa, puloteni ndi impso.

Nkhani iyi ikhudza makamaka amai apakati. Pali nthenda ya m'miyezi yotsiriza ya pakati imene ikweza kuthamanga kwa mwazi, kumene anthu akucha BP, nidonthetsa puloteni m'mkodzo. Mai atupa nkhope ndi manja, mutu umupweteka kolimba, maso acita cidima. Ikasiyidwa, agwa ngati wakhunyu, ndipo iye ndi mwana akhoza kutayika onse awiri. Pano pali malire a maso. Thobvu licitika ndi mkodzo wotuluka mwamphamvu, kapena ndi sopo wotsala m'cotengera, ndipo lotero litha msanga. Komanso puloteni akhoza kukhalamo wokwanira kuopsa popanda thobvu looneka. Ndico cifukwa cace ku sikelo sakhulupirira maso okha, koma ayesa BP nabviika kapepala. Mai asanene kuti, "Anandipima mwezi watha." Nthenda iyi ikhoza kudza pakati pa mwezi ndi mwezi.

KUYERA NDI KUBVUNDUKA

Mkodzo watsopano uyenera kuonekera bwino. Wopima aika pepala lolembedwa kuseri kwa kagalasi. Akatha kuwerenga malemba, alemba kuti ngwoyera, ndipo akalephera, alemba kuti ngwobvunduka. Kubvunduka kwina kulibe mlandu. Mkodzo ukakhala nuzizira, mitundu ina ya mcere wa m'menemo igwa pansi, yina yoyera ngati ufa, yina yofiirira ngati pfumbi la njerwa. Yoyerayo isungunuka pothirapo madontho a asidi wofatsa, yofiirirayo isungunuka pofunditsa. Kubvunduka kumene sikucoka ndi moto kapena asidi ndiko kwa mafinya, mwazi kapena tizilombo. Kukakhala pamodzi ndi kutentha pokodza ndi kukodza kawirikawiri, nthenda iri m'cikhodzodzo. Pakaonjezeka kutentha thupi, kunjenjemera ndi kupweteka m'mbali mwa msana, yakwera kufika ku impso. Nthawi zina, koma si kawirikawiri, mkodzo utuluka woyera ngati mkaka. Ico cicitika ndi tinyongolotsi tobwera ndi udzudzu, tomwe tija totupitsa miyendo.

KUCULUKA NDI KULEMERA KWACE

Dotolo akafuna kudziwa kuculuka kwa mkodzo, aitanitsa wa maola 24. Wodwala ataya wa m'mawa woyamba, nasunga wonse wotsatira m'cigubu cimodzi, usana ndi usiku, kufikira wa m'mawa mwace womwe. Munthu wamkulu akalephera kufika mamililita 400 pa tsiku, ndiko kunena kusadzaza theka la lita, impso zace ziri pa mabvuto, kapena thupi lauma. Mwana wotsegula m'mimba kapena wa kolera akatha maola 6 kufikira 8 osanyowetsa thewera, madzi a m'thupi mwace atha. Apatsidwe madzi a mcere ndi shuga a m'mapaketi a ku cipatala ali pa njira yomwe. Ndi kwina kwa nkhalamba yaimuna imene imva cikhodzodzo cadzaza koma madzi akana kutuluka, kapena angodontha. Apo impso zigwira nchito, koma njira yapanikizika ndi kanyama kokhala pakhosi pa cikhodzodzo, kamene kakula ndi ukalamba. Ku cipatala alowetsa kapaipi, ndipo munthu apumula nthawi yomweyo; koma akulu ambiri apirira masiku awiri cifukwa ca manyazi.

Kulemera kuyesedwa poyerekeza ndi madzi. Lita imodzi ya madzi ilemera magalamu 1,000. Lita ya mkodzo ilemera pakati pa 1,005 ndi 1,030, monga mwa zosungunuka ziri m'menemo, ndipo pa pepala wopima alemba 1.005 kapena 1.030. Kale anayesa ndi kagalasi koyandama kokhala ndi mizere, kamene kamira kwambiri m'mkodzo wopepuka, niyandama pamwamba m'wolemera, monga dzira liyandama m'madzi amcere wambiri. Lero ambiri ayesa dontho limodzi pa kacipangizo kopenyera kuwala, kapena pa kapepala kaja. Impso zamoyo zisinthasintha: munthu akamwa kwambiri zitulutsa wopepuka, akakhala ndi ludzu zitulutsa wolemera. Impso zotopa zitaya luso limeneli, ndipo mkodzo ukhala pa 1.010 m'mawa ndi madzulo, munthu amwe kapena asamwe. Nambala yosasunthayo imuuza dotolo zambiri koposa mtundu.

Mwa masiku onse mkodzo wotumbuluka ukhala wopepuka. Koma pali nthenda imene uculuka kupyola malita 3 pa tsiku, nutumbuluka ngati madzi, koma poyesa upezeka wolemera. Colemeretsaco ndi shuga. Wodwalayo adzuka kambiri usiku, ludzu lace silitha, aonda cinkana adya bwino, ndipo pamene wataya madzi pasonkhana nyerere. Asing'anga akale a ku India anazindikira nthendayi ndi nyerere zomwezo. Ku England Thomas Willis analemba m'caka ca 1674 kuti mkodzo wa odwala otere uzuna ngati uci, pakuti masiku amenewo dotolo analawa ndi lilime. Ndipo m'caka ca 1776 Matthew Dobson wa ku Liverpool anauphwetsa pa moto wofatsa, napeza pansi zotsala zonga shuga wofiirira. Palibe wolawa lero. M'caka ca 1956 Alfred Free ndi Helen Free a ku America anatulutsa kapepala kobviika koonetsa shuga, kamene kali kholo la timapepala tonse ta m'zipatala. Koma wowerenga adziwe ici: shuga satulukira m'mkodzo kufikira ataculuka ndithu m'mwazi, kotero munthu akhoza kukhala nayo nthendayi zaka, nyerere osamuonetsa kanthu. Coitsimikiza ndi kupima mwazi.

Za pfungo nzocepa. Mkodzo wokhalitsa ununkha cifukwa tizilombo tauola. Watsopano ukanunkha coipa, mwina muli mafinya. Pfungo lozuna ngati la zipatso zakupsa, mwa munthu wa shuga amene asanza napuma mozama, liri cizindikiro ca ngozi yaikulu, ndipo afulumire naye.

MBONI IMODZI SIITHA MLANDU

Popeza maso aona zambiri cotere, wina angati, "Nanga makina ndi kupima mwazi nzaciani?" Anthu a ku Ulaya anayesapo njira imeneyo, ndipo inawasokeretsa. Kwa zaka mazana ambiri cizindikiro ca dotolo kumeneko cinali botolo lagalasi lozungulira kunsi, lochedwa matula, limene analikweza ku dzuwa. Anali ndi zithunzi za mitundu ya mkodzo yofika 20, uli wonse ndi nthenda yace. Poyamba kunali kupenya koona. Koma pang'onopang'ono kunasanduka ula. Anthu analeka kubweretsa wodwala, nangotuma mwana kapena wanchito ndi botolo m'dengu, ndipo mwini nzeruyo ananena nthenda, msinkhu wa wodwala, ngakhale zam'tsogolo mwace, osamuona nkhope. Ocenjera ena anatumiza mkodzo wa ng'ombe kuti amuyese. Bungwe la madotolo la ku London linaletsa anthu ace kupereka mankhwala poona mkodzo wokha, ndipo m'caka ca 1637 Thomas Brian analemba buku, The Pisse-Prophet, loulula macenjerero a alosi amenewa, momwe anafunsira wotumidwayo mocenjera, nabweza mau ace omwe monga ngati awawerenga m'botolo. Wodziwa macitidwe a woombeza sadzazizwa nazo.

Wopima wa lero salosa. Alemba cimene waona, "wofiira, wobvunduka, 1.020," ndipo mau amenewo amuuza kumene ayenera kufunafuna. Pa bwalo la mfumu mboni yoyamba imveka ndi ulemu, koma mlandu sugamulidwa kufikira ena atalankhula. Kuno mboni zinazo ndizo kapepala, maikulosikopu, mwazi, ndi mau a wodwala mwini wace. Kufiira kumodzimodzi kukhoza kukhala likodzo, mwala wa m'impso, cotupa, kapena mapiritsi a TB. Ndiponso mkodzo wooneka bwino sucotsa mlandu: mwana akhoza kukhala ndi mazira a likodzo, mwazi wace uli wocepa wosaoneka ndi maso. Kulakwa kwa a ku Ulaya aja kunali kukhulupirira maso kopyola muyeso. Kulakwa kofala m'midzi ndiko kuona ndi kukhala cete. Mwa ziwirizi, caciwirico ndico cimene cipha ana ambiri masiku ano.

KAPEREKEDWE KA MKODZO

Mboni yoona ikhoza kuonongeka pa njira. Kabotolo kakhale ka ku cipatala. Botolo la kunyumba limene munali zakumwa zozuna lionetsa shuga mwa munthu wopanda shuga, ndipo lotsukidwa ndi sopo licita thobvu lonama. Ngati sanauzidwe za likodzo, munthu asambe m'manja ndi kumaliseche ndi madzi oyera, ataye madzi oyamba pansi, natunge a pakati. Pakuti oyambawo atsuka njira, nanyamula zonyansa za kunja. Akauzidwa kubweretsa wa m'mawa, ndiwo woyamba podzuka, umene wakhala usiku wonse nukhala wolemera koposa. Theka la kabotolo likwanira.

Mkodzo upimidwe asanathe maola 2. Ukakhalitsa, makamaka pa nyengo yotentha, tizilombo tiswana, nubvunduka. Timbulunga ta mwazi tisweka, shuga adyedwa, ndipo utoto wa ndulu ufwifwa ndi kuwala kwa dzuwa. Cifukwa cace wocokera kutali asatunge kunyumba dzulo lace nayende nao pa njinga. Adikire akatunge ku cipatala komweko. Dzina lilembedwe pa thupi la kabotolo, osati pa cotsekera, pakuti zotsekera zisinthana. Ndipo mai amene mwana wace wakana kukodza asathiremo wa mwana wina kapena wace, poopa kutaya malo pa mzere. Auze namwino, ammwetse mwanayo madzi, nadikire.